Mmene Mungatsatire Nkhani za Makomiki Popanda Kusocheretsedwa ndi Otsatsa Malonda

Munthu amene wayamba kumene kutsata nkhani za makomiki ndi mabuku a nthano za zithunzi amadabwa ndi kuchuluka kwake, pakuti sipapita mlungu osamva kuti ngwazi yakutiyakuti ikufa, kuti kampani ina iyambiranso kuwerenga mabuku ake pa nambala 1, kapena kuti buku lina latha lisanafike n'komwe m'masitolo. Zambiri mwa nkhanizi sizichokera kwa atolankhani amene achita kufufuza, koma zimalembedwa m'maofesi otsatsa malonda a makampani osindikiza, ndipo zimatulutsidwa pa tsiku limene lasankhidwa mosamala n'cholinga choti eni masitolo aode mabuku ambiri. Kawirikawiri sizikhala zabodza, koma zimakhala ndi mwini wake amene akufuna kupindula nazo. Kupeza nkhani n'kosavuta, ndipo ntchito yeniyeni ya wowerenga ili pa kudziwa amene wanena, tsiku limene wanenera, komanso chimene akuyembekeza kuti inu muchite mukamva.

Musanasankhe malo owerengapo nkhani, yambani mwadziwa kuti makomiki alibe msika umodzi. Ku United States kuli timabuku topyapyala ta masamba pafupifupi 32 timene timatuluka mwezi ndi mwezi, ndipo timagulitsidwa makamaka m'masitolo a makomiki okhaokha. Ku Japan nthano zimayamba kutuluka mutu umodziumodzi m'magazini akuluakulu monga Weekly Shōnen Jump, imene kampani ya Shueisha inayamba kusindikiza mu 1968, kenako mitu ija imasonkhanitsidwa n'kukhala mabuku otchedwa tankōbon. Ku France ndi ku Belgium anthu anazolowera mabuku akuluakulu a chikuto cholimba, amene mwamwambo amakhala ndi masamba 48, ndipo wolemba akhoza kutha chaka kapena ziwiri akukonza limodzi. Ku South Korea kunabadwira ma webtoon, amene amawerengedwa pafoni motsetsereka kuchokera pamwamba kupita pansi. Palinso msika wina umene masamba ambiri a nkhani amaunyalanyaza ngakhale kuti ndi waukulu kwambiri, womwe ndi wa mabuku a ana ogulitsidwa m'masitolo wamba a mabuku ndi m'masukulu, monga a Dav Pilkey ndi Raina Telgemeier. Munthu akalemba kuti makomiki akufa kapena akuyenda malonda kuposa kale, dzifunseni kuti akunena msika uti, chifukwa msika wina ukhoza kumagwa pamene unzake ukukwera.

Msika wa ku America ndi umene umatulutsa phokoso lalikulu pa intaneti, choncho n'kofunika kukhalitsa pa kalendala yake. Pafupifupi miyezi iwiri kapena itatu buku lisanatuluke, kampani imafalitsa mndandanda wa zonse zimene ikufuna kutulutsa mwezi umenewo, ndipo anthu a ntchitoyi amautcha solicitations. M'menemo mumakhala dzina la wolemba, la wojambula, chithunzi cha pachikuto, mtengo, tsiku lotulukira, ndi mawu ochepa okopa. Eni masitolo amaoda potengera mndandandawu, ndipo amaloledwa kusintha chiwerengero cha oda yawo mpaka tsiku lomaliza lotchedwa FOC, limene limafika milungu itatu kapena inayi buku lisanatuluke. Chimene chimapangitsa tsikuli kukhala lofunika n'chakuti mabuku ambiri a mumsika umenewu sabwezedwa: sitolo ikaoda makope 50 n'kugulitsa 20 okha, otsalawo ndi chiphinjo cha mwini sitolo. Pa chifukwa chimenechi, kampani imayesetsa kumukopa FOC isanakwane, ndipo mudzaona kuti kucheza ndi olemba, masamba oonetsa pang'ono za m'kati, ndiponso malonjezo akuti dziko la ngwazizo silidzakhalanso chimodzimodzi, zonsezi zimachuluka m'masiku amenewo. Mukaona nkhani yotentha ya buku limene silinatuluke, fufuzani tsiku lake la FOC, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti lili pafupi.

Ku America mabuku atsopano amafika m'masitolo Lachitatu lililonse. DC, kampani yosindikiza makomiki a Superman ndi Batman, inasamukira ku Lachiwiri mu 2020, koma inabwerera ku Lachitatu mu 2024. Samalaninso ndi mwezi wosindikizidwa pachikuto, chifukwa mwamwambo umakhala patsogolo pa tsiku lenileni logulitsira. Buku loyamba la Action Comics, limene Superman anaonekeramo koyamba, linalembedwa kuti June 1938 pachikuto, koma linayamba kugulitsidwa mu April.

Mawu akuti buku latha ndi amene amapusitsa anthu ambiri. Kampani ikalengeza zimenezi, nthawi zambiri imatanthauza kuti makope atha kunkhokwe ya wogawa katundu, osati m'mashelefu a masitolo. Popeza makampani amasindikiza makope ongopitirira pang'ono amene aodedwa, n'zosavuta kuti nkhokwe ikhale yopanda kanthu pamene masitolo akadali ndi milu ya buku lomwelo. Kusindikizanso kachiwiri ndi kachitatu ndi chizindikiro chabwinopo, makamaka ngati kukupitirira kwa miyezi ingapo, chifukwa kumasonyeza kuti eni masitolo, amene amaika ndalama zawo pachiswe, akupemphabe ena.

Ziwerengero za malonda nazo zimafuna kuziwerenga modekha. Kwa zaka zoposa 20, kuyambira mu 1997, pafupifupi makomiki onse a mumsika wa ku America ankadutsa kwa wogawa mmodzi, Diamond Comic Distributors, ndipo mndandanda wake wa mwezi ndi mwezi unkathandiza ofufuza monga a Comichron ndi ICv2 kuyerekezera makope ogulitsidwa. Zimenezo zinasokonekera makampani osindikiza atayamba kusamukira kwa ogawa ena, DC itachoka ku Diamond mu 2020, Marvel n'kupita ku Penguin Random House mu 2021, Image n'kupita ku Lunar mu 2023, mpaka Diamond yeniyeniyo inakasuma kukhoti mu January 2025 kuti yalephera kubweza ngongole. Masiku ano palibe mndandanda umodzi umene ukuonetsa msika wonse, ndipo ina mwa mindandanda imene mungaione imachokera ku makina ogulitsira a masitolo ochepa chabe. Ngakhale m'nthawi ya Diamond, chiwerengerocho chinali cha makope ogulitsidwa kwa masitolo, osati kwa owerenga. Chimatupanso chifukwa cha zikuto zosiyanasiyana za buku limodzi: kampani ikhoza kunena kuti sitolo ilandira kope limodzi la chikuto chosowa ikaoda makope 25, 50 kapena 100 a chikuto wamba, ndipo mwini sitolo amaoda ochuluka chotero pofuna kope limodzi lokhalo limene adzagulitse modula. Buku loyamba la X-Men la mu 1991 linatuluka ndi zikuto zisanu ndipo linagulitsa makope oposa 8 miliyoni, koma ambiri mwa makopewo anathera m'makatoni osawerengedwa n'komwe, ndipo lero amapezeka pa mtengo wotsika. Ngati mukufuna kudziwa zimene anthu akugula m'masitolo a mabuku, funani malipoti otengedwa ku Circana BookScan, amene amawerenga makope amene alipiridwa pakauntala, ngakhale kuti nawonso saphatikiza masitolo ambiri a makomiki ndi malaibulale.

Ku Japan kampani ikafuna kudzitama imatchula makope amene afalitsidwa, ndipo chiwerengerochi chimaphatikiza onse osindikizidwa ndi kutumizidwa kumsika, nthawi zina pamodzi ndi a pa intaneti. Pamene Shueisha inalengeza mu 2022 kuti One Piece ya Eiichiro Oda yadutsa makope 500 miliyoni padziko lonse, chinali chiwerengero cha mtundu umenewu. Mndandanda wa Oricon ndi umene umayerekezera makope ogulidwadi m'masitolo a ku Japan. Ziwerengero ziwirizi siziyenera kuikidwa pa sikelo imodzi, ngakhale kuti anthu okangana pa intaneti amachita zimenezo tsiku ndi tsiku.

Tsopano tibwere pa maliro a ngwazi za m'makomiki. Superman anafa m'buku limene linatuluka mu November 1992, nyuzipepala ndi ma TV zinalengeza ngati nkhani yaikulu, ndipo anthu amene anali asanagulepo komiki anaima pamizere poganiza kuti akugula chuma cha m'tsogolo. Chaka cha 1993 chisanathe, Superman anali atadzuka. Msika umene unatupa ndi anthu ogula pofuna kudzagulitsa unaphwa m'zaka zotsatira, masitolo ambiri anatsekedwa, ndipo Marvel inakasuma za ngongole zake mu December 1996. Captain America anaphedwa mu 2007, ndipo pofika mu 2009 nthano yomubweza inali itayamba. Ngwazi zimenezi ndi katundu wa makampani, ndipo palibe kampani imene ingakwirire katundu amene akuibweretsera ndalama za mafilimu ndi zidole. Choncho nkhani ya imfa muziiwerenga ngati chilengezo cha nthano yatsopano, ndipo funso loyenera ndi lakuti walemba ndani komanso wajambula ndani. Chimodzimodzinso nambala 1. Mu September 2011 DC inayambitsanso mabuku 52 pa nambala 1, kuphatikizapo Action Comics ndi Detective Comics amene anali atawerengedwa kuyambira m'ma 1930, koma mu 2016 inabwezeretsa manambala akale pa mabuku awiriwa, ndipo Action Comics inakondwerera nambala 1000 mu 2018. Nambala 1 imagulitsa chifukwa imaoneka ngati khomo lolowera, ndipo nambala yaikulu imagulitsa chifukwa imaoneka ngati chikondwerero. Kwa ine, chinthu chodalirika posankha zowerenga ndicho kutsata mayina a olemba ndi ojambula amene ntchito yawo munaikonda, chifukwa iwowo akasamuka, ubwino wa nthano umasamuka nawo.

Nanga nkhanizi muziwerenge kuti? Sankhani malo ochepa a ntchito zosiyana m'malo motsata ambiri amene akungokopera chilengezo chimodzi. ICv2 ndi Publishers Weekly amalembera anthu amalonda, choncho amasamala za ziwerengero, mapangano ndi kusintha kwa makampani. The Beat imaphatikiza nkhani za tsiku ndi tsiku ndi ndemanga za anthu amene akhala nthawi yaitali pa ntchitoyi. The Comics Journal, imene yakhalapo kuyambira m'ma 1970, imachedwa koma imazama, ndipo ndi yabwino pa kucheza kwakutali ndi ojambula komanso mbiri ya amene amwalira. Pa za manga, omwe ndi makomiki a ku Japan, Anime News Network ili ndi chizolowezi chabwino chotchula magazini kapena chilengezo cha ku Japan chimene nkhani yachokera. Amene amawerenga Chifalansa angapindule ndi ActuaBD. Bleeding Cool imadziwika ndi mphekesera, ndipo nthawi zina imatulukira zinthu ena onse asanamve, koma zimene yalemba muzizisunga ngati mphekesera mpaka kampani kapena mwini nkhani atatsimikiza.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pa intaneti mawu amenewa amakwaniritsidwa ola lililonse. Wolemba akhoza kunena pocheza kuti angakonde kudzalemba nthano inayake tsiku lina, tsamba loyamba n'kulemba kuti akuganizira, lachiwiri n'kunena kuti akukambirana ndi kampani, lachitatu n'kulengeza kuti bukulo likubwera. Mukakumana ndi nkhani yokukhudzani, tsatirani maulalo mobwerera mpaka mufike pamene yayambira, kaya ndi chilengezo cha kampani, kalata imene wolemba amatumizira omutsata, kapena vidiyo ya kuchezako, ndipo muwerenge mawu enieniwo. Onaninso tsiku limene inalembedwa, chifukwa nkhani zakale zimadzuka kawirikawiri pa Facebook ndi pa X ngati zatsopano. Chithunzi chojambulidwa pa sikirini chopanda ulalo si umboni, makamaka masiku ano pamene kompyuta ikhoza kupeka chikuto chooneka ngati chenicheni. Nkhani zakuti buku lagulidwa kuti likhale filimu nazonso zimafuna kuleza mtima, popeza kawirikawiri kampani ya mafilimu imangolipira kuti isungiridwe ufuluwo kwa kanthawi, ndipo ambiri mwa mapangano otere amatha popanda kamera kuyatsidwa.

Zilengezo zikuluzikulu zimasungidwira misonkhano, motero n'kothandiza kudziwa nthawi yake. Chikondwerero cha ku Angoulême, ku France, chinayamba mu 1974 ndipo mwamwambo chimachitika chakumapeto kwa January. Loweruka loyamba la May ndi Free Comic Book Day, tsiku limene linayamba mu 2002, pamene makampani amagawa timabuku taulere tolawitsa nthano zikubwerazo. Msonkhano wa San Diego Comic-Con, umene unayamba mu 1970, umachitika mu July, wa New York mu October, ndipo wa Lucca ku Italy umachitika October akamatha. Ku Tokyo, Comiket imasonkhanitsa anthu odzisindikizira okha mabuku kawiri pachaka, mu August ndi mu December, ndipo inayamba mu 1975. Ku Johannesburg, Comic Con Africa inayamba mu 2018. Pa masiku a msonkhano nkhani zimagwa ngati matalala, ndipo zambiri zimakhala za mafilimu. Ndi bwino kudikira msonkhano uthe n'kuwerenga chidule cha tsamba limodzi lodalirika kusiyana ndi kuthamangitsa uthenga uliwonse.

Mphoto ndi njira yachidule yopezera mabuku abwino amene alibe ndalama zotsatsira. Mphoto za Eisner, zimene zinayamba mu 1988, zimaperekedwa ku San Diego, ndipo mayina opikisana amasankhidwa ndi kagulu ka oweruza asanavoteredwe ndi anthu a ntchitoyi. Ku Angoulême, Fauve d'or imapita ku buku labwino la chaka, pamene Grand Prix imalemekeza ntchito ya moyo wonse wa munthu. Kumeneko n'kumene Aya de Yopougon, nthano ya moyo wa ku Abidjan yolembedwa ndi Marguerite Abouet ndi kujambulidwa ndi Clément Oubrerie, inapata mphoto ya buku loyamba mu 2006. Ku Japan, Manga Taishō imangolandira nthano zimene sizinapitirire mabuku 8, choncho imathandiza kutulukira zatsopano zisanatchuke. Langizo langa ndi lakuti muziwerenga mndandanda wonse wa opikisana, chifukwa wopambana ndi mmodzi, koma m'mndandandamo mumakhala mabuku ochokera ku makampani ang'onoang'ono amene simukanawamva mwa njira ina.

Otsata manga ali ndi zizindikiro zawozawo. Weekly Shōnen Jump imatuluka Lolemba ndipo imadalira kwambiri mayankho a owerenga posankha nthano zopitirira. Owerenga akale amayang'ana malo amene nthano yaikidwa m'magazini, ndipo ikamapezeka kumapeto mlungu ndi mlungu amayamba kukayikira kuti ithetsedwa. Zimenezi ndi zongoyerekeza, popeza akonzi safalitsa zotsatira za mayankhowo, koma kawirikawiri zimalondola. Kupuma kwa wojambula kumalengezedwa m'magazini momwemo, ndipo si nthawi zonse pamene kumatanthauza matenda. Vuto lalikulu ndi la masamba obedwa amene amafalikira masiku angapo magazini isanatuluke, limodzi ndi kumasulira kothamanga kumene kumayambitsa mikangano pa mawu amene wolemba sanalembe. Ku Japan umenewu ndi mlandu, ndipo mu February 2024 apolisi anamanga anthu awiri chifukwa chofalitsa masamba a Jump nthawi isanakwane. Kuyambira mu 2019, Shueisha ili ndi Manga Plus, imene imatulutsa mitu yatsopano m'Chingerezi ndi zinenero zina pa nthawi yofanana ndi ku Japan, ndipo mitu yaposachedwa imawerengedwa kwaulere, moti chifukwa chothamangira zobedwa chinachepa kwambiri. Ngati simufuna kuuzidwiratu mathero, gwiritsani ntchito njira yobisa mawu imene ili pa malo ambiri ochezera, ndipo mubise dzina la nthano ndi la ngwazi zake kuyambira pakati pa mlungu.

Nkhani za mitengo ya pa okushoni muzisangalala nazo koma musamangirepo mapulani. Kope la Action Comics yoyamba ija linagulidwa pa madola 6 miliyoni mu April 2024 chifukwa ndi lakale, otsala ndi ochepa kwambiri, ndipo linasungika bwino. Makampani monga CGC amapima ubwino wa kope pa sikelo yofika pa 10 n'kulitsekera m'chikhokho cha pulasitiki, ndipo kusiyana kwa theka la nambala kukhoza kusintha mtengo kwambiri. Buku la chaka chino, limene anthu masauzande ambiri aliika m'mapepala apulasitiki tsiku lomwe latuluka, silingasowe mwa njira imeneyo.

Nkhani zimene zimasinthadi zinthu nthawi zambiri zimabwera mwakachetechete, ndipo ndi zimene ndingakulimbikitseni kuzipatsa nthawi. Zina ndi za ufulu wa olenga nthano: Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene analenga Superman, anamugulitsa pa madola 130 okha, Bill Finger anayamba kutchulidwa ngati mmodzi mwa olenga Batman mu 2015 atamwalira kalekale, ndipo ojambula asanu ndi awiri amene anachoka ku Marvel mu 1992 anayambitsa Image n'cholinga choti wolenga azikhala mwini wa ntchito yake. Mukamva kuti wolemba wotchuka wasiya kampani yaikulu n'kukayamba zake, mbiri imeneyi ndi imene ili kumbuyo kwake. Zina ndi za kuletsa mabuku: mu January 2022 komiti ya sukulu ya m'boma la McMinn ku Tennessee, ku America, inachotsa buku la Maus la Art Spiegelman pa maphunziro a ana, ngakhale kuti bukuli linalandira mphoto yapadera ya Pulitzer mu 1992, ndipo zotsatira zake zinali zakuti anthu analigula mwaunyinji. Zinanso ndi za eni makampani ndi malo owerengera. Disney inagula Marvel mu 2009. Amazon inagula comiXology, sitolo ya makomiki ya pa intaneti, mu 2014, ndipo pofika mu December 2023 inatseka pulogalamu yake n'kusamutsira mabuku a anthu ku Kindle, zimene zinakumbutsa owerenga kuti buku logulidwa pa intaneti limadalira mwini makina.

Pomaliza pake pamafunika kusandutsa nkhani kukhala chosankha chogula, ndipo apa kalendala ija imagwiranso ntchito. Kamodzi pamwezi, tsegulani mindandanda ya zimene zikubwera ya makampani awiri kapena atatu amene mumawakonda, lembani mayina a mabuku okukopani pamodzi ndi tsiku la FOC ndi lotulukira, ndipo ngati mumagula kudzera m'sitolo, perekani oda yanu tsikulo lisanakwane. Kwa buku la kampani yaing'ono zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa oda zoyambirira ndi zimene zimagamula kuchuluka kwa makope, ndiponso nthawi zina zimagamula ngati nthanoyo ipitirire. Ngati simuli pa changu, dikirani buku losonkhanitsa mitu isanu kapena isanu ndi umodzi, limene limatuluka patapita miyezi ingapo, pamene ndemanga za anthu amene awerenga nthano yonse zimakhala zitapezeka. Olembetsa ku Marvel Unlimited, malo olipira owerengerapo makomiki pa intaneti, amapeza mabuku atsopano patapita pafupifupi miyezi itatu, ndipo DC Universe Infinite imachedwetsanso ake malinga ndi mtundu wa kulembetsa, choncho yang'anani kaye ngati ntchitozi zikupezeka m'dziko limene muli musanalipire.